Dzino Lachikasu la Nambala Sikisi

Amene akufuna kutuluka m'tauni muno mwaulemu asayerekeze kutchula sitima ya Denzil Hevener kuti chidole. Wina anayesapo, mkulu wa ku Charleston wa nsapato zoyera, amene anaiona n'kunena kuti, "Kachidoleka n'kokongola." Denzil sanamuyankhe, chifukwa Denzil sayankha anthu. Anamuyankhira ndi ena amene anali pomwepo, ndipo mkuluyo khofi wake sanamalize. Chidole chimadya malasha? Chidole chimakutentha ukachigwira? Chilipo chidole chimene chingakoke amuna asanu onenepa n'kukwera nawo mtunda umene galimoto imakwera ikulira?

Denzil mwiniwake simungamuyang'ane kawiri. Wamfupi, woonda, makutu ngati zogwirira za poto, chala chachikulu chakumanzere chophwatalala chifukwa nyundo inachipeza kambirimbiri. Anabadwira mu msasa wa odula mitengo pamwamba pa phiri, m'nyumba ya matabwa imene kampani inkaikweza pasitima n'kukaitsitsa pena mitengo ikatha. Sukulu analekera panjira. Mawu amene amayankhula tsiku lonse mukhoza kuwalemba pachikhatho. Koma mupatseni chitsulo ndi tupa, inu mukhale pansi, muone zimene Mulungu amabisa m'manja mwa munthu wosaoneka.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri anayamba ntchito yosonkha moto pa Nambala Sikisi. Sikisi inali Shay, ndipo Shay ndi mtundu wa sitima yopanda manyazi. Thanki yake yowiritsira madzi inakhalira kumanzere ngati munthu wosenza thumba paphewa limodzi, ndipo kumanja zonse zili pamtetete: mapisitoni atatu oimirira, shafuti yaitali yoyenda m'mbali kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndi magiya oluma magudumu. Ukaimva ikubwera, phokoso lake ngati ikuthawa moto wolusa. Ukaiona, munthu wochedwa kutchalitchi akhoza kuipitirira wapansi. Koma inkakwera pamene nyulu imakana, panjanji yokhotakhota yoyalidwa pamatope, n'kutsika ndi mabogi khumi a zipika zazikulu kuposa khomo la nyumba.

Woyendetsa wake anali a Burl Tacy, chimunthu chachitali cha mawu ngati akuyankhulira mu mgolo, chotafuna fodya, chimene chibadwire sichinayamikirepo munthu. Ukasonkha moto bwino, a Burl ankangokhala chete. Kukhala cheteko ndiye inali mendulo yako.

Tsiku lina mu Febuluwale wa 1951, chipale chili m'mawondo, anaima pakati pa phiri kuti amwetse sitima pamtsinje. Denzil anatsika kukapaka magiya girisi ndi kumanga nati ina imene inkakhwepa. Zala zinali zitauma ndi kuzizira. Anaika sipanala pafelemu, pamwamba penipeni pa giya yakutsogolo, kuti auzire mpweya m'manja, ndipo a Burl atakuwa kuti tiyeni, iye anakwera. Sanayende kutali. Kunamveka kuti gwa, sitima yonse inanjenjemera, mabogi anagundana kumbuyo mpaka unyolo wina unalira. Atatsika anapeza dzino limodzi la giya litathyoka. Denzil anapalasa m'chipale ndi phazi kufuna sipanala yake, osaipeza. Anaganiza kuti yagwera mumtsinje, ndipo anatseka pakamwa.

Masiku amenewo kampani sinkafunsa kawiri. Wothyola giya ankachotsedwa ntchito, nyumba inali ya kampani, ndipo Oleta, mkazi wa Denzil, anali woyembekezera. Kapitawo atafunsa chimene chachitika, a Burl analavula fodya n'kunena kuti, "Mwala. Unagubuduka kuphiri." Nkhani inathera pomwepo. Giya yatsopano kampani sinagule. Wosula zitsulo anangowotcherera dzino la mkuwa, lachikasu pakati pa anzake akuda, n'kulisiya lalitali pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo Sikisi inkatsimphina. Gudumu likazungulira kamodzi, khe. Likazungulira kachiwiri, khe. Akazi a m'tauni ankaizindikira isanaoneke, ndipo Oleta akamva khe ameneyo pamlatho ankadziwa kuti nthawi yakwana yoika chikondamoyo mu uvuni. Aliyense ankaukonda mtsimphino umenewo kupatula munthu mmodzi, amene anakhala pambali pake ndi fosholo zaka zisanu ndi zinayi, akuumva kambirimbiri patsiku, akukhulupirira kuti a Burl amakhulupiriradi za mwala.

Mitengo inatha mu 1960. Chaka chotsatira kunabwera anthu a moto wodulira zitsulo, ndipo Sikisi anaipha masiku anayi. Amuna a m'tauni anapita tsiku loyamba, anavula zipewa, n'kubwerera kukamwa. Denzil anakhala masiku onse anayi. Anali ndi tepi yoyezera, pensulo kukhutu ndi makope a ana asukulu, ndipo chitsulo chilichonse chisanakwezedwe palole iye ankachiyeza, kuchijambula, kuwerenga mabowo ake. Odulawo anayamba kumuseka.

"Achimwene, mukufuna kuisokera suti ya maliro?"

Denzil anangowapempha kuti asunthe phazi, akuponda bawuti. Anadzaza makope asanu ndi awiri. Kufakitale kumene sitimayo inapangidwa akanamupatsa mapulani, koma mapulani amakuuza mmene sitima inabadwira, sakuuza mmene inakhalira. M'makope a Denzil munali chibenthu cha pachumuni chimene nthambi inasiya, munali chogwirira chimene a Burl anachipinda dala kuti chikomere dzanja lawo.

Anapeza ntchito kugalaja ya mabasi a sukulu, makope anawaika m'bokosi la nsapato, ndipo zaka zisanu ndi zitatu sanawatchule. Kenako tsiku lina mu 1969 anabwera ndi makina akale osemera zitsulo kumbuyo kwa pikapu, nawalowetsa m'kashedi ka nkhuni.

"Chimenecho n'chiyani, a Denzil?" anafunsa Oleta.

"Ndikumanga Sikisi."

"M'kashedi? Utsi utulukira pati, m'makutu mwanumo?"

"Yaing'ono. Pa mainchi eyiti alionse, inchi imodzi."

Lamulo lake linali lomwelo, ndipo sanaliphwanye ngakhale pamalo pamene diso silifika. Mvetserani bwino, inu amene mumati mukadula bokosi la katoni mwapanga chinthu. Maliveti zikwi zitatu, timisomali tolumikizira zitsulo, lililonse ngati kambewu ka mpiru, anawasula yekha n'kuwakhoma limodzilimodzi. Magiya anawasema kuchokera ku ekiselo ya matayala a basi yakufa, dzino limodzi madzulo amodzi akaweruka, ndipo likalakwika ndi kachidutswa kochepa ngati tsitsi, giya yonse ankaiponya mumtsinje n'kuyambanso. M'kati mwa thanki, mmene munthu sadzaonamo mpaka dziko litatha, anaikamo timapaipi tonse monga mwa chiwerengero chake. Malasha ankawaswa ndi kanyundo kuti akhale ngati nyemba, poti malasha nawonso ayenera kuchepa kasanu n'katatu. Mchenga wothira panjanji kuti magudumu asaterere ankausefa ndi sokosi ya Oleta. Penti ankaiumitsa mu uvuni wa Oleta, moti nyengo ina yonse mabisiketi a m'nyumba mwawo ankanunkha sitima. Ndipo njanji anaiyala kuseri kwa nyumba, kukwera phiri motsetsereka ngati yeniyeni ija, kudutsa pakati penipeni pa munda wa mbatata wa Oleta.

Oleta sanavutike mwakachetechete, si mtundu wake. Kutchalitchi ankauza amayi anzake kuti, "Inu muli ndi mwayi, amuna anu akakhala ndi chibwenzi ndi chamoyo, mutha kukachikoka tsitsi. Wangayu chake n'chachitsulo. Ndikachitukwane chimve chiyani?" Koma mlendo aliyense wofika pakhomo, asanalandire n'khofi yemwe, ankayamba wamukokera kukashedi. "Taonani kabeluka. Kamalira. Kanali choikapo kandulo cha mayi anga, koma kamalira."

Zaka khumi ndi chimodzi. Mu 1980 Sikisi yaing'ono inatuluka m'kashedi, yaitali ngati munthu wogona, yolemera moti amuna anayi anaitula akutukwana. Denzil anakoleza moto, anadikira, anatsegula nthunzi, ndipo mapisitoni atatu aja anayamba kuvina. Amuna amene anagwirapo ntchito m'phiri, nkhalamba zouma mitima zimene sizinalire pamaliro a akazi awo, anayang'ana kumbali n'kumanamizira utsi.

Chinthu chimodzi chokha anasintha. M'kope lachitatu dzino lachikasu lija linalimo, loyezedwa bwinobwino. Koma pa Sikisi yaing'ono mano onse anali akuda, ofanana ngati asilikali. Amene akufuna kumuweruza aimirire, atiuze kuti iye atapatsidwa mwayi womanganso moyo wake ndi manja ake akanabwezeramo tsiku limene amachita nalo manyazi.

Anthu anayamikira, atolankhani anajambula, koma Denzil zonsezo zinkangomudutsa. Iye ankafuna mawu a munthu mmodzi. A Burl anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu, matenda a shuga anali atawadya maso, ndipo mwana wawo wamkazi anali atanena kuti kumapeto kwa Okutobala adzawatenga kupita nawo ku Ohio, kumene nkhalamba zathu zimapita osabwerako. Denzil ankafuna kuti a Burl asanachoke aigwire, aimve, anene kuti ndi iyeyo. Akapanda kutero, ndiye kuti zaka khumi ndi chimodzi zija anamanga sitima ya munthu wina.

Anazengereza mpaka kunatsala ma Loweruka awiri. Pamenepo anakawatenga pa pikapu.

"Ndamva kuti ukusewera ndi tizidole, Hevener," anatero a Burl akutsika. Iwo okha ndi amene akanatha kunena mawu amenewo pabwalo limenelo n'kumalizabe khofi wawo.

"Ili apa, a Tacy. Gwadani pang'ono."

"Ndikagwada udzandidzutsa ndiwe. Oleta, mwamuna wakoyu ukumudyetsa? Dzanja lake ngati mwendo wa nkhuku."

"Amadya utsi, a Tacy. Ine ndimaphikira agalu."

Nkhalamba inagwada paudzu n'kuika manja pasitima. Inayambira kutsogolo. Zala zinayenda pang'onopang'ono ngati za munthu wofufuza nkhope ya mwana wake. Zinakwera chumuni, zinapeza chibenthu chija, zinaima. Zinalowa m'kachipinda koyendetsera, zinapeza chogwirira chopindika, zinaimanso nthawi yaitali. Denzil anali ataima pambali, chipewa akuchipotokola ngati akuchifinya madzi. A Burl sananene kanthu, ndipo kwa a Burl kumeneko kunali kuimba nyimbo.

"Koleza," anatero.

Anawakhazika pabogi yoyamba, Denzil patsogolo pawo. Sitima inanyamuka, inadutsa mbatata, inayamba kukwera, ikulira ngati ikuthamanga pamene Oleta ankayenda pambali pake osafulumira n'komwe. A Burl anapendeketsa mutu kumanja. Asanafike pakati pa mtunda anamenya Denzil pamsana.

"Imitsa."

Denzil anaimitsa.

"Sitima yabwino iyi. Sindinamvepo yoyenda bwino chonchi. Ndi ya ndani?"

"Ndi Sikisi, a Tacy."

"Sikisi ya kuti? Usandipusitse poti sindiona. Sikisi inkatsimphina. Iyi ikuyenda ngati mtsikana wa kwaya. Ndiperekeze kwathu, kukuzizira."

Denzil anawakweza mu pikapu. Atafika, a Burl anakana kusiyidwa pakhonde. Anamuuza Denzil kuti alowe kuchipinda, atsegule dilowa yam'munsi, achotse masokosi, abweretse chimene chili m'nsanza. Denzil anamasula nsanzayo ali chiimire. Munali sipanala yopindika ngati nthochi, yotafunidwa pakati, ndipo pachogwirira panali zilembo ziwiri zimene iye mwini anakhoma ndi msomali ali mnyamata: D.H.

"Mwala wako ndi umenewo," anatero a Burl. "Ndinautola iwe ukuvina m'chipale. Ku Ohio sindipita nawo, katundu wachuluka kale."

Denzil anaitembenuza sipanalayo m'manja.

"Zaka zonsezi munkadziwa?"

"Ndine wakhungu chaka chachinayi chino, Hevener. Kale ndinkaona. Tseka chitseko potuluka, amphaka amalowa."

Munthu wina akanapita kunyumba, kutenga tupa, kupala dzino limodzi n'kuikapo la mkuwa. Ntchito ya ola limodzi. Oleta naye anaganiza kuti zitha choncho. Koma Lolemba anapeza mwamuna wake atagoneka sipanala yopindika ija patebulo la kukhitchini, akuiyeza ndi tepi, akulemba m'kope lachisanu ndi chiwiri, patsamba lomaliza limene linali lopanda kanthu. Lachitatu Denzil anamuonetsa kasipanala katsopano, kowongoka, kakafupi kuposa chala, kali ndi D.H. wake amene ankaoneka ndi galasi lokha.

"Kokongola. Ka chiyani?"

"Kothyolera dzino."

"Bwanji osangolipala?"

"Silinapalidwe. Linathyoka."

Oleta anaika pansi mbale imene ankapukuta. Tsopano tamverani mkazi amene anatukwana sitima imeneyi zaka khumi ndi chimodzi.

"A Denzil, mutu wanu ukugwira? Mukufuna kuponya chitsulo m'magiya dala? Nanga ikapindika shafuti? Nanga akathyoka mano asanu? Giya imodzi munkasema miyezi iwiri, ndipo a Tacy akunyamuka Lamlungu. Mbatata zanga zinafera sitima imeneyi. Choikapo kandulo cha mayi anga chili mmenemo. Theka lake ndi langa, ndipo theka langalo simuliphwanya."

"Dzino lili kutheka langa," anatero Denzil. Kenako anawonjezera, maso ali patebulo, "Sunali mwala, Oleta. Ndinali ine."

Oleta anamuyang'ana nthawi yaitali. Anatenganso mbale ija n'kupitiriza kuipukuta ngakhale inali youma kale.

"Ndiye mukanatichotsetsa m'nyumba ndili ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri," anatero. "Mukawatenge a Tacy Loweruka m'mawa. Ndiphika nyemba. Ngati mukuchita zopusa, muchite anthu atadya."

Loweruka lomaliza kunacha kozizira, masamba a m'phiri atafiira. Denzil sanaitane anthu. Panali iye, Oleta ndi a Burl, amene atamva zimene zikukonzedwa anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinkadziwa kuti ndiwe chitsiru, koma sindinkadziwa kuti ndiwe chitsiru choyeza ndi tepi. Ndipatse chogwirira. Ngati tikuthyola, woyendetsa ndine, monga kale."

Anamangirira mabogi odzaza zipika za nkhuni kuti sitima ilemedwe ngati tsiku lija. Anaima pakati pa mtunda. Denzil anagwada, anapaka girisi, anaika kasipanala pafelemu pamwamba pa giya yakutsogolo.  A Burl anatsegula nthunzi ndi zala ziwiri. Sitima inasuntha, kasipanala kanatsetsereka, kanagunda giya n'kudumphira mu udzu. Palibe chinathyoka.

"Mulungu wakana," anatero Oleta msangamsanga. "Tiyeni tikadye."

"Waika molakwika," anatero a Burl. "Sinagone motsatira felemu. Inali chopingasa, kukamwa kwake kutaloza kugudumu."

Denzil anasiya kufufuza mu udzu.

"Mukudziwa bwanji mmene inagonera?"

A Burl anatafuna fodya wawo kanthawi.

"Ndinaiona. Ndinasuzumira pawindo, ndinaiona ili pomwepo. Ndinati mnyamatayu aitenga. Kenako ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana wotchi, tinali titachedwa, ndinaiwala. Woyendetsa sanyamuka asanaone magiya ake, limenelo ndi lamulo loyamba, ndinakuphunzitsa ndine. Ukuganiza kuti mwala uja ndinaugubuduzira iwe wekha? Ine ndinali ndi ana anayi m'nyumba ya kampani."



"Amuna inu," anatero Oleta. "Zaka makumi atatu aliyense atakhalira dzira lake, dzira lake limodzi lomwelo."

"Ika chopingasa, Hevener. Nthunzi ikutha."

Denzil anakapeza kasipanala, anakapukuta pamalaya, anakagoneka chopingasa. A Burl anatsegula. Gudumu linazungulira theka, ndipo kunamveka kuti gwa, kaphokoso kochepa ngati munthu wathyola fupa la nkhuku, koma sitima yonse inanjenjemera, mabogi anagundana kumbuyo, kaunyolo kena kanalira. Oleta anali atatseka maso ndi epuloni. Denzil anagona chamimba paudzu wonyowa n'kuyendetsa chala pashafuti kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Yowongoka. Anawerenga mano. Anawerenganso.

"Limodzi," anatero.

Pansi panali kasipanala, kopindika ngati nthochi, kotafunidwa pakati. Anakaika m'dzanja la a Burl. Nkhalamba inakagubuduza pakati pa zala, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo inasowa chonyoza.

Anadya nyemba mofulumira. Kenako Denzil anayatsa moto wowotcherera, anasungunula mkuwa wotsala wa choikapo kandulo chija, n'kuumba kadzino pamalo pothyoka. Kupala kunatenga masana onse, chifukwa a Burl anakhala pampando pambali pake, ndipo tupa ikadutsa katatu ankati aime, n'kuikapo chala.

"Chotsa kumbuyoku. Ayi, kwambiri ayi, ukufuna kulikongoletsanso? Wosula uja ankathamangira kukaona mkazi wake kuchipatala, anasiya phewa mbali iyi. Pala kamodzi. Kamodzi ndati, ndiwe wogontha? Leka pomwepo. Ukalikhudzanso ndikuthyola chala chinacho."

Dzuwa litapendeka anakolezanso moto. A Burl anakhala kutsogolo, mawondo m'mwamba ngati chiwala, zala pachogwirira chopindika. Denzil anakhala kumbuyo kwawo ndi kafosholo konga supuni ya tiyi. Anayambira pansi penipeni, pakhomo la kashedi. Mapisitoni anayamba kuvina, utsi unakwera, ndipo pansi pa phokoso lonselo panatuluka kanthu kena, kochepa, kouma, kobwera pa nthawi yake. Khe. Khe. Khe.

Anadutsa mbatata. Anayamba kukwera. A Burl anapendeketsa mutu kumanja ndipo sanaubweze. Pamalo pamene anaimitsa sabata yatha sanaime. Mtunda utakula anathira mchenga osauzidwa pamene pali kachingwe kake, dzanja linangopita lokha. Denzil ankayang'ana msana wa nkhalambayo, akudikira mawu awiri aja akuti ndi iyeyo. Anafika pamwamba, pamene njanji imathera pamtengo wa maapulo, ndipo a Burl anatseka nthunzi n'kukhala chete, chikhatho chili pathanki yotentha ngati sakumva kutentha.

"A Tacy," anatero Denzil. "Ndi iyeyo?"

"Ukundifunsa ine? Moto wako watsika, Hevener. Wakhala ukutsika kuyambira pamlatho. Ukuganiza kuti Sikisi ikwera phiri ili ndi mapemphero? Sonkha, tibwerere, tikatenge ulendo wina kusanade."

Pamalopo panalibe mlatho. Mlatho unali m'phiri lina, limene njanji yake inazulidwa zaka makumi awiri zapitazo. Denzil anatsegula kachitseko ka moto n'kuponyamo malasha atatu onga nyemba, ndipo anachedwa kutseka chifukwa sankaona bwino.

Atatsika anapeza pabwalo palibe munthu. Denzil anaitana, Oleta anayankhira kukhitchini. Anatulukira pakhomo manja ali mbuu ndi ufa, nkhope yodabwa ngati munthu amene wadzuka ali pakati pa msewu.

"Ndaika chikondamoyo mu uvuni," anatero. "Sindikudziwa kuti adye ndani, tadya kale. Ndinangomva ikubwera."

A Burl anapita ku Ohio m'mawa mwake, kasipanala kali m'thumba la malaya. Sipanala yaikulu ija ili pakhoma la kashedi mpaka lero, pamsomali, pamene aliyense angaione. Alendo akabwera, anthu a makamera ndi a mabuku a sitima, amagwada, amayang'ana magiya, ndipo nthawi zonse pamapezeka wanzeru mmodzi woloza dzino lachikasu n'kunena kuti apa mmisiri analakwitsa. Denzil amangogwedeza mutu.

"Eya," amatero. "Mu 1951."